Kuchoka pa lendi mu Lilongwe: pepala kaye, simenti pambuyo

Ndine telala. Makina anga ali pakhonde la shopu ina pa Nsungwi, ku Area 25, ndipo ndakhala ndikuwapalasa kuyambira 2006, chaka chomwe ndinatsika basi mu Lilongwe kuchokera kwathu ku Dowa. Zaka 14 ndinakhala pa lendi. Ndinasamuka maulendo 7, ulendo wina mvula ili pamsana, matiresi atakutidwa ndi pepala lapulasitiki pangolo ya abulu. Lero ndimagona m'nyumba yanga ya zipinda ziwiri. Ilibe siling'i, khoma lakumbuyo silinaone pulasitala mpaka pano, koma mwezi ukatha palibe wogogoda pachitseko.

Amayi akamadikira kuti ndiwapindire siketi amakonda kufunsa kuti, "Koma amake Chisomo, ndalama ya singano yomweyi mpaka nyumba? Kapena boma linakuthandizani?" Ndimaseka. Boma linandithandiza, inde, koma osati momwe iwo akuganizira. Silinandipatse lata ngakhale limodzi. Chomwe ndinapeza kuboma ndi nambala ya poloti ndi chidindo papepala, ndipo ndinachita kulipira. Ndinazindikira mochedwa, nditataya kale ndalama ya zaka zitatu, kuti pepala limenelo ndi lolemera kuposa matumba 100 a simenti.

Tiyambe ndi makomo amene anthu amathera nthawi kugogoda. Malawi Housing Corporation (MHC) inakhazikitsidwa mu 1964 kuti izimanga nyumba ndi kudula mapoloti, ndipo nyumba zake mumaziona ku Area 18 ndi ku Falls. Lendi yake ndi yotsika poyerekeza ndi ya malandilodi wamba, n'chifukwa chake wolowamo satulukamo, ndipo odikira ndi ambiri kuposa nyumbazo. Ngati muli pantchito yolandira pamwezi lembani fomu ndithu, koma musaikepo mtima wonse.

Mu December 2014 boma la Peter Mutharika linayambitsa pologalamu ya malata ndi simenti. Mabanja osankhidwa m'dera la phungu aliyense ankalandira zipangizo, theka la mtengo boma n'kulipira, theka linalo n'kukhala ngongole. Mayi anga aang'ono ku Dowa anafolera nyumba yawo ndi malata amenewo, ndipo sindinganyoze, chifukwa kale mvula ikagwa usiku ankangokhalira kusuntha mphasa. Koma pologalamuyo inkafuna munthu amene ali kale ndi malo ake. Wa lendi wa ku Mchesi akanawakhoma pati malatawo? Joyce Banda anali ndi Mudzi Transformation Trust, nayonso yoyang'ana kumudzi. Boma la Lazarus Chakwera linkanena za nyumba 10,000 za apolisi, asilikali ndi ena achitetezo. Zonsezi zili ndi eni ake. Telala, wakabaza, mlonda, mayi wa tomato wa pa Wakawaka, pamndandanda palibe.

Kubanki nako ngongole ya nyumba imafuna payslip ndi title deed, chikalata cha boma cha umwini wa malo. Mu 2024 Reserve Bank yeniyeniyo inaika chiwongola dzanja chake pa 26 peresenti, ndiye kuli bwanji chimene angakulipiritseni inu.

Kwa ine, ndondomeko ya boma imene inaganiziradi munthu wopeza zochepa ndi yakale ija ya ma THA, Traditional Housing Areas. Nthawi imene likulu linkasamuka ku Zomba kubwera kuno, zomwe zinatheka mu 1975, boma linkadula mapoloti, kulambula misewu yafumbi, kuika madzi chapafupi, kenako n'kumusiya munthu kuti amange ndi zomwe ali nazo, kaya ndi zidina, azikonza akamapeza. Area 25 yathuyi, Chilinde ndi Kawale ndi madera otere. M'zaka za m'ma 1990 maderawa anaperekedwa m'manja mwa khonsolo ya mzinda. Chinavuta n'chakuti anthu anachuluka kuposa mapoloti odulidwa. Kalembera wa 2018 anapeza anthu pafupifupi 990,000 mumzinda muno, ndipo oposa theka akukhala m'madera ngati Mtandire, Mgona, Kauma, Senti ndi Chinsapo, amene anakula okha boma lisanadule. Njira imene ndikufotokoza pano ndi ya THA yomweyo: poloti yodziwika kuofesi, nyumba yomanga pang'onopang'ono.

Momwe ndinapusira

Mu 2015 ndinali nditasonkhanitsa kangachepe. Mnyamata wina wa malonda a malo, wotchena, foni ziwiri m'manja, ananditengera chakumpoto kwa mzinda kumene kunali minda ya chimanga. Anayeza ndi mapazi, 15 uku, 30 uku, n'kukhoma zikhomo za bulugamu m'makona. Mtengo wake unali theka la mitengo yomwe ndinkamva kwina. Tinapita kwa amfumu a m'deralo, ndinagwada, ndinapereka ya chidindo.

"Malowa alibe vuto, mayi," anatero amfumuwo. "Eni ake ndi ana anga omwe. Mangani, musaope."

"Zikomo, afumu. Nanga kukhonsolo sitipitako?"

"Khonsolo inalimapo pamenepa?"

Tonse tinaseka, ine ndemwe. Ndinalandira pepala long'amba m'kope la sukulu, lolembedwa pamanja, chidindo pansi. Patatha miyezi inayi ndinabwera ndi anyamata oumba njerwa, n'kupeza pamalo anga pali fandeshoni ya munthu wina, yofika kale pa DPC, pomwe amayala pepala lakuda loletsa chinyontho kukwera khoma. Bambo amene ankamangayo sanakalipe. Anangopisa m'thumba la jekete n'kutulutsa pepala lake: la m'kope lomwelo, dzanja lomwelo, chidindo chomwecho, koma deti lake linali la mwezi umodzi ine ndisanagule. Wogulitsayo anali mphwake wa mwini munda, anali atagulitsa kwa anthu atatu n'kulowera ku Joni. Foni ziwiri zija zinazima tsiku limodzi. Nkhani inakambidwa pabwalo kawiri, ndipo zomwe ndinabwezeredwa sizinakwane ngakhale kulipira anyamata a njerwa aja. Chikomekome cha mkuyu.

Amfumu kapena a block leader ndi mboni yabwino. Amadziwa anthu, amadziwa malire akale, ndipo tsiku la maliro mudzawafuna. Koma m'kati mwa malire a mzinda, chidindo chawo sichikupangani kukhala mwini malo pamaso pa lamulo.

Funso loyamba kwa wogulitsa

Musanafunse mtengo, funsani kuti, "Malowa ali pansi pa ndani, ndipo nambala yake ndi chiyani?" Mu Lilongwe eni malo akuluakulu alipo atatu: Unduna wa za Malo, womwe likulu lake lili ku Zowe House ku City Centre, khonsolo ya mzinda, ndi MHC. Poloti yeniyeni ili ndi nambala yoyamba ndi ya Area yake, ndipo ili ndi fayilo mu imodzi mwa maofesi amenewa. Wogulitsa akayamba kuzungulira, akati "mapepala tikonza mukalipira", tsanzikani mwaulemu.

Poloti yomwe ndikukhalapoyi ndinagula mu 2018 kwa bambo wina wachikulire amene anapuma pantchito ku Kanengo ndipo ankabwerera kwawo ku Ntcheu. Inali ya khonsolo, yopanda nyumba, pali chabe kachimbudzi kogumuka ndi mtengo wa mango. Ulendo uno ndinachita motere, ndipo inunso chitani chimodzimodzi.

Ndisanapereke ngakhale tambala, ndinapita ndekha kuderalo tsiku lomwe wogulitsa kunalibe. Ndinakhala pa kiyosiki ya madzi n'kucheza ndi amayi ogulitsa madziwo. Amayi a pa kiyosiki amadziwa poloti iliyonse ya mkangano, amadziwa amene anamwalira n'kusiya akazi awiri, amadziwa pamene pamadutsa madzi a mvula. Kenako ndinagogoda kwa aneba a mbali zonse n'kuwafunsa kuti malire awo athera pati. Safunsa anadya phula, ndipo ine ndinali nditalawa kale.

Kenako ndinatengana ndi wogulitsayo kupita kukhonsolo, aliyense chiphaso chake cha unzika m'manja. Kumeneko mukufuna zinthu zitatu. Dzina la mufayilo lifanane ndi la pachiphaso cha amene waima pambali panuyo. Mudziwe ngati pali ngongole ya ground rent (lendi ya malowo) kapena city rates (msonkho wa kukhonsolo), chifukwa ngongoleyo imatsata poloti, simatsata munthu wopita ku Ntcheu. Yathu inalipo ya zaka zingapo, ndipo tinagwirizana kuti tiichotse pa mtengo. Chachitatu, pemphani kuti wa kuofesi abwere adzakuonetseni mabikoni. Bikoni ndi kachipilala kasimenti kokwiriridwa pakona, osati chikhomo cha bulugamu. Pa poloti yanga atatu tinawapeza titafukula ndi khasu, wachinayi anali m'kati mwa mpanda wa aneba pafupifupi phazi limodzi. Tinakambirana tsiku lomwelo wa kuofesi ali pompo, mpanda unasunthidwa, ndipo mpaka lero timapemphana mchere.

Ngati dzina la mufayilo ndi la munthu womwalira, musagule kwa mwana mmodzi, ngakhale atakhala woyamba kubadwa. Pakhale makalata osonyeza amene wapatsidwa mphamvu yoyendetsa chuma cha masiye, ndipo ana onse ndi mayi wamasiye asaine.

Ndalama perekani pawiri. Theka posainirana pangano, pali mboni za mbali zonse, theka linalo dzina likasinthidwa mufayilo. Lipirani kudzera kubanki kapena pafoni kuti pakhale umboni. Chilichonse cholipira kuofesi chikhale ndi lisiti la boma. Pageti la ofesi iliyonse yotere pamaima madobadoba onena kuti akufulumizitsirani zinthu. Alonjereni n'kudutsa. Ine ndinayenda maulendo asanu, awiri mwa iwo chifukwa cha kuiwala kwanga mafotokope, ndipo tsiku lililonse lotero makina anga ankagona. Ndalama ya masiku asanu amenewo sindiidandaula.

Malo a Unduna amayenda ndi offer letter, kenako lizi, pangano lobwereka malo kuboma, kawirikawiri ya zaka 99. Offer letter si title deed. Ndi kalata yonena kuti boma lavomera kukupatsani malo mukakwaniritsa zomwe lalemba: kulipira ndalama za chitukuko cha malowo ndi kumanga nthawi yoikika isanathe. Wina akamakugulitsani malo otere, pitani ku Land Registry mukapemphe kuti akufufuzireni mwini wake. Mumalipira kandalama kochepa, n'kudziwa ngati malowo anaikidwa chikole kubanki.

Masiku ano kwadzaza makampani ogulitsa mapoloti olipira pang'onopang'ono, cha ku Airwing, ku Chitedze, ku Nanjiri, msewu wa ku Bunda. Ena ndi achilungamo ndipo athandiza anthu. Pemphani kuona title deed ya malo onsewo m'dzina la kampaniyo, ndi mapu a kadulidwe ka mapoloti ovomerezedwa ndi a Physical Planning. Funso langa lomwe limawasowetsa mtendere ndi ili: "Mundionetseko munthu mmodzi amene anamaliza kulipira n'kulandira title deed yake." Muwerengenso ya minibasi. Poloti yotchipa imene ikufuna mabasi awiri kupita, awiri kubwerera, ndi lendi yomweyo yavala malaya ena.

Kunja kwa malire a mzinda, kumalo a makolo, kuli lamulo la 2016 lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2018. Linakhazikitsa makomiti a malo otsogozedwa ndi agulupu, okhala ndi anthu ena 6 osankhidwa, osachepera atatu akhale amayi, ndipo limalola kulembetsa malowo. Mu 2022 aphungu anawakhwimitsanso malamulo a malo, choncho musanagule kumeneko kafunseni kuofesi ya za malo ya khonsolo ya boma la Lilongwe ngati kugulitsako kukuloledwa. Ndipo kumbukirani kuti kuno n'kwa Achewa. Munda ndi wa mbumba. Mkamwini sagulitsa munda, mphwake yekha sagulitsa munda. Ngati mwini mbumba ndi alongo ake sanakhale pamphasa tsiku logulitsa, nkhaniyo idzadzuka, ngakhale patapita zaka khumi.

Malo muwaone mu February

Mu September malo onse ndi okongola. Pitaniko mvula itagwa masiku atatu. Dothi lakuda long'ambika nthawi yachilimwe ndi la dambo: limang'amba makoma, ndipo chimbudzi chimadzaza madzi kapena kugumuka. Yang'anani makoma a nyumba zoyandikana, ngati pali mzere wa matope wofika m'mawondo mwamva kale. Mu February 2017 mtsinje wa Lingadzi unasefukira ku Mtandire mpaka anthu anachita kupulumutsidwa ndi helikopita ya asilikali. Ambiri mwa iwo sanamange m'mbali mwa mtsinje chifukwa chokonda madzi, koma chifukwa ndi pamene panali potchipa. Pewaninso pansi pa mawaya akuluakulu a ESCOM, pamwamba pa mapaipi a Water Board ndi m'malire a msewu. Malo otere tsiku lina amadzalembedwa X wofiira, ndipo chipukuta misozi sichikhalapo.

Pulani nayo musaizembe. Kuyambira pa lamulo la mapulani la 2016, dziko lonse limafuna chilolezo pomanga, ndipo mumzinda chimachokera kukhonsolo. Jambulitsani pulani ya poloti yonse kamodzi: nyumba yaikulu, kanyumba kakumbuyo, chimbudzi, ndi mpata wosiya kuchokera m'malire. Sikuti mumanga zonse lero. Koma ndaona anthu akumanga chipinda pakati penipeni pa poloti, pofuna kuwonjezera n'kusowa kolowera.

Ndalama muziiwerenga m'matumba

Lendi yanu isandutseni matumba a simenti. Pomwe ndinkakhala ku Senti, yanga inali ngati matumba anayi pamwezi, 48 pachaka. Tsiku lomwe ndinawerenga choncho tulo sindinatione. Ndimawerenga m'matumba chifukwa kwacha siikhala pamodzi. Mu May 2022 inagwa ndi 25 peresenti, mu November 2023 ndi 44 peresenti, ndipo amene ankasunga ndalama ya denga pansi pa matiresi anadzuka malata ake atachepa ali chigonere.

Pamsika pathu tili amayi khumi a chipereganyu. Lamulo langa ndi limodzi: tsiku lolandira, ndalama isafike kunyumba. Ndimachoka pagulu n'kulunjika ku hardware. Ikangogona m'nyumba, m'mawa kubwera uthenga wa maliro kapena wa fizi, ndipo simungakane.

Banki m'khonde ndi yabwino posunga, koma musakongolemo kuti mugule simenti. M'magulu ambiri chiwongola dzanja ndi 20 pa 100 pamwezi, ndipo khoma silibereka ndalama. Ngongole ya mmenemo ndi ya geni. Ndalama ya nyumba ndi ija mumagawana mu December. Ngati kuntchito kwanu kapena m'dera lanu kuli SACCO, bungwe losunga ndi kubwereketsa ndalama kwa mamembala ake, kumeneko ndiye kofunsa ngongole yotenga nthawi. Katapila musamuyandikire, ndaona poloti ikupita chifukwa cha ndalama ya malata 12.

Pogula yambani ndi zosaola: malata, mafelemu a zitseko ndi mawindo, misomali, waya wolimbitsa khoma wa brick force. Simenti siisungidwa. Ikakhala miyezi itatu, makamaka m'dzinja, imagwirana n'kusanduka mwala. Mukaigula iumbeni mabuloko sabata yomweyo. Buloko silitsika mtengo, ndipo m'bale sangabwere kudzabwereka.

Kamangidwe kake

Choyamba kumanga ndi chimbudzi. Amisiri achifuna, inunso simungasamukire pamalo opanda chimbudzi. Chikhale ndi silabu yasimenti, ndipo chitalikirane ndi chitsime chilichonse, chanu kapena cha aneba, ndi mamita 30 ngati malo alola. Amene tinaona kolera ya 2022 mpaka 2023, pomwe sukulu za mu Lilongwe zinachedwa kutsegulidwa mu January, sitiseka nazo zimenezi. Kenako madzi. Kumanga kumamwa migolo yambiri, ndiye ngati paipi ya Water Board ili pafupi, lembetsani mpopi musanakumbe fandeshoni. Magetsi angadikire. Ife tinakhala zaka ziwiri ndi kasola kakang'ono.

Kenako mangani kanyumba kakumbuyo, osati nyumba yaikulu. Zipinda ziwiri, denga, chitseko chokhoma, basi, lowani. Ife tinalowa mu August 2020 pansi pali dothi lotsira, mawindo titatseka ndi njerwa n'kusiya kampata kamphepo pamwamba. Bambo a Chisomo ankachita manyazi kuti anzawo a kuntchito aona. Ndinawauza kuti anzawowo akafuna kuseka abwere ndi thumba la simenti. Kuyambira mwezi umenewo matumba anayi a lendi aja anayamba kugwera pa poloti yathu. Apa ndiye pagona nkhani yonse. Amene amadikira kuti nyumba ithe mpaka penti asanasamuke amalipira pawiri, lendi ndi zomangira, ndipo ndi amene makoma awo mumawaona atamera udzu pa windo.

Za njerwa. Mu 2018 boma linaletsa njerwa zootcha pa zomanga za boma, za mabungwe ndi za malonda, pofuna kuteteza mitengo. Ngakhale kwa ife omanga nyumba zogonamo, nkhuni zootchera uvuni zadula, ndipo aliyense akudziwa momwe Dzalanyama yathera. Musanyoze zidina. Kanyumba kathu kali ndi fandeshoni ya njerwa zootcha zomangira simenti, pepala lakuda la DPC pamwamba pake, kenako zidina mpaka kudenga. Chidina chimaopa madzi basi. Chipatseni fandeshoni yokwera, denga lotuluka bwino kunja ndi pulasitala kumbali yomwe mvula imawomba, chikhala zaka. Umbani pakati pa May ndi September, mvula itatha.

Nyumba yaikulu tikumanga ndi mabuloko. Amisiri anga salola thumba limodzi kutulutsa mabuloko oposa 30. Ogulitsa ena m'mbali mwa msewu amatulutsa ochuluka kuposa apo, ndipo buloko lake mukalikanda ndi msomali limayoyoka ngati chigumu. Pogula, nyamulani limodzi kufika m'chiuno n'kulisiya ligwe. Mukaumba nokha, thirirani m'mawa ndi madzulo kwa masiku 7. Ntchito imeneyi inali ya Chisomo asanapite kusukulu, ndipo ankanyinyirika tsiku lililonse.

Pa malata, nambala ya geji ikakula lata limapyapyala: 28 ndi lochindikala kuposa 32. Ngati ndalama yavuta, chepetsani chipinda, osati geji. Mitengo ya denga ipakeni mankhwala a chiswe isanakwere.

Mmisiri mugwirizane naye pa gawo lililonse: fandeshoni, kufika pa windo, kufika pa lintala, denga. Lembani m'kope, asaine, ndipo mulipire gawo likatha. Zipangizo muzigula nokha. M'mawa werengani matumba amene mwatulutsa, madzulo mulandire matumba opanda kanthu. Tsiku loyamba nditafunsa kuti, "Amisiri, matumba aja ali kuti?" anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Mayi, inu munamangitsapo kale eti?" Kuyambira pamenepo timamvana, ndipo ndi omwewo mpaka lero. Inunso mbali yanu muikwaniritse: nsima ya masana ndi malipiro pa tsiku lomwe munalonjeza. Mmisiri wokwiya amabwezera m'khoma momwe simungaone.

Ngati nokha simungathe

Alipo amene ngakhale ya poloti sangaikwanitse, ndipo si ulesi. Njira imene ndaiona ikugwira ntchito ndi ya gulu. Mu 2003 amayi a ku Mtandire anayamba timagulu tosunga ndalama tsiku ndi tsiku, mothandizidwa ndi bungwe la CCODE, ndipo timaguluto tinakula n'kukhala federeshoni ya anthu osowa pokhala. Anakhazikitsa thumba lawo la ngongole lotchedwa Mchenga, anakambirana ndi akuluakulu a mzinda, n'kupatsidwa mapoloti 222 ku Area 49. Anaumba okha zidina n'kumanga. Munthu mmodzi wopempha poloti amauzidwa kuti abwere mawa. Anthu 200 okhala ndi buku la ndalama zomwe asunga amapatsidwa mpando. Mutu umodzi susenza denga, ndipo apa mwambiwu ukunena denga lenileni. Funsani m'dera lanu ngati muli gulu lotere. Habitat for Humanity nayo yakhala ikugwira ntchito za nyumba m'dziko muno kuyambira 1986, ndi koyenera kukafunsa zomwe ali nazo panthawiyo.

N'chifukwa chake nthawi ya kampeni, ofuna ukhansala ndi uphungu akabwera pa Nsungwi, ine sindipempha malata kapena nsalu. Ndimafunsa kuti mapoloti ang'onoang'ono atsopano adulidwa liti, olipira pang'onopang'ono, mayina a opatsidwa atamatidwa pakhoma kuti aliyense awerenge. Ndimafunsanso kuti anthu amene akhala ku Mgona ndi ku Mtandire zaka makumi adzapatsidwa liti mapepala a pamene akhalapo. Masomphenya a Malawi 2063, omwe anakhazikitsidwa mu January 2021, amanena zambiri za kukula kwa mizinda. Kwa ine kukula kumeneko kuyambire pa bikoni. Munthu amene akudziwa kuti sadzathamangitsidwa amagula yekha simenti, safuna kumuuza.

Dzina la papepala

Posintha dzina kukhonsolo, tinalembetsa mayina awiri, langa ndi la bambo a Chisomo. Alamu anga atamva anati, "Achimwene, nyumba imalembedwa dzina la mwamuna." Bambo a Chisomo anangowafunsa kuti pa matumba onse aja iwo anagulapo angati. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limati kulanda katundu wa mayi wamasiye ndi ana ndi mlandu, koma ndasokera madiresi akuda amayi okwanira amene anatulutsidwa m'nyumba zawo maliro asanazizire. Dzina lanu likakhala mufayilo, mkangano umatha usanayambe. Amayi anzanga, ndalama yanu ya geni ikalowa m'khoma, dzina lanu lilowenso papepala.

Mapepala onse, pangano logulitsirana, malisiti, kalata yosintha dzina ndi pulani yodindidwa, ajambuleni pafoni, ndipo mafotokope mukasungitse kwa m'bale wokhala dera lina. Ground rent ndi city rates muzilipira chaka ndi chaka ngakhale zikuwawa, chifukwa lisiti lililonse ndi umboni wina woti pamalopo ndi panu. Anga ndimasunga m'chitini cha mabisiketi, pamodzi ndi pepala la m'kope lija la 2015, lomwe ndimaonetsa aliyense wobwera kudzandiuza kuti wapeza malo otchipa.

Nyumba yaikulu pano ili pa windo. Kuseri kwa mango kuli mabuloko 212 ofunditsidwa ndi malata akale, ndipo amisiri akuti pakufunika ena 150 ndi zitsulo kuti tifike pa lintala. Chipereganyu chindipeza mu October. Ndawauza kale kuti sabata imeneyo asalandire ntchito kwina.